Ndinalipira wondionetsa akazi a miyala ku British Museum

Kulowa mu British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, ndi ulere. Ndiye mwina mudabwa kuti ine ndinatulutsiranji ndalama kulipira munthu woti andiyendetse m'nyumba yomwe aliyense amangolowa. Alamu anga, omwe ndinachita kuwakokera ku ulendowu, anandifunsa funso lomweli kuyambira m'sitima mpaka pageti. Kunena mosapsatira, ndalamazo sizinalowe m'madzi. Koma dongosolo la ulendowu lili ndi chilema chimodzi chachikulu, ndipo wofuna kubukitsa ndi bwino achidziwiretu.

Mayi amene amayendetsa anthuwa si wantchito wa pamyuziyamupo. Ndi geni yawoyawo. Amalengeza pa intaneti, amatenga kagulu kochepa, ndipo kwa maola awiri amakuonetsani chinthu chimodzi chokha, momwe Agiriki ndi Aroma akale ankasemera akazi pamiyala. Mtengo wa munthu mmodzi unali pafupifupi malipiro anga a theka la tsiku kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, ndiye si ndalama yotola. Kulipira sikunavute. Kutatsala tsiku limodzi ananditumizira uthenga pa WhatsApp wonena pokumanira, pageti la ku Great Russell Street, n'kutichenjeza kuti tilawirire chifukwa pamakhala mzere wosecha zikwama. Aliyense anam'patsa kawailesi koika kukhutu kuti tiziwamva ngakhale pali phokoso. Chingerezi chawo n'chodekha, sameza mawu, ndipo akatchula dzina lachilendo amalibwereza. Kwa ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu, zimenezi n'zofunika kuposa madigiri awo.

Ndisanabwere kuno ku England ndinali telala ku Limbe zaka zambiri. Diso langa likaona munthu limayamba lagwera pansalu, kenako pankhope. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ndemanga yangayi yapendekera mbali imeneyo.

Tinayambira pa manda aakulu otchedwa Nereid Monument, ochokera ku Xanthos, m'dziko lomwe lero ndi Turkey. Anamangidwa cha m'ma 390 mpaka 380 BC, ndipo Charles Fellows ndiye anawabweretsa ku London m'zaka za m'ma 1840. Pakati pa nsanamira zake ndi chapambali paima atsikana a m'nyanja, mitu inaduka kalekale, akuoneka kuti akuthamanga pamwamba pa madzi mphepo ikuwawomba. Mayiwa sanayambe n'kutiwerengera zaka. Anatiimika pamaso pa mmodzi n'kufunsa kuti, kodi ameneyu wavala kapena sanavale? Wavala ndithu, kuchokera paphewa mpaka kuakakolo. Koma mchombo ukuoneka, mawondo akuoneka, ntchafu zonse zili pamtetete, chifukwa wosemayo anaimata nsaluyo pathupi ngati yanyowa. Apa m'pomwe anatipatsa mfundo yomwe inanyamula ulendo wonse. Kwa zaka mazana angapo Agiriki ankasema amuna ali mbulanda popanda wodandaula. Mnyamata wosavala, kouros, ankamuimika pamanda ndi pakachisi, ndipo umaliseche wakewo unali ulemu. Mtsikana, kore, ankamusema atavala. Osema atayamba kulakalaka kuonetsa thupi la mkazi koma osamuvula, anatulukira nzeru ya nsalu yonyowayi.

Kenako anatulutsa nsalu m'chikwama n'kupempha mtsikana wina wa m'gulumo kuti aime pakati. Anaipinda chakumtunda, kum'kulunga nayo, mapini awiri pamapewa, lamba m'chiuno, basi chovala chatha. Imeneyo ndiye peplos, yomwe inkakhala ya ubweya wa nkhosa. Panalinso chiton, yopepukirapo, kawirikawiri ya bafuta, yotambalala kwambiri, yogwiridwa ndi timabatani kutsika m'mikono, ndipo pamwamba ankafunda chinsalu chachikulu chotchedwa himation. Sizasi inalibe ntchito kwenikweni. Nsalu ankaiwomba pamanja kunyumba, amayi ndi akapolo awo, ntchito yodya nthawi, ndipo inkachoka powombera ili kale pa muyeso wake. Kuidula kunali kuononga. Amene anakulira m'chitenje amvetsa msanga: nsalu ndi yomweyo ya makona anayi, luso lagona pa kamangidwe. Kuyambira pamenepo makwinya onse a paziboliboli zija anayamba kundiyankhula. Awa akuchokera papini. Awa afinyidwa ndi lamba. Iyi ndi nsalu yotsala yomwe aikokera m'mwamba n'kuigwetsera pamwamba pa lambayo kuti isakwakwe pansi. Kachionetsero kameneka kokha kanabweza theka la ndalama zanga.

M'chipinda chachikulu cha ziboliboli za ku Parthenon, kachisi wa mulungu wamkazi Athena amene anamangidwa ku Athens pakati pa 447 ndi 432 BC, anthu anali piringupiringu. Mayiwa anatidutsitsa pakati pawo mpaka kumapeto, kwa milungu itatu yaikazi yokhala pansi. Ambiri amati ndi Hestia, Dione ndi Aphrodite, koma poti mitu palibe, akatswiri amakanganabe. Wachitatuyo wagona chotsamira pamiyendo ya mnzake, chovala chaterereka paphewa limodzi, chatsala pang'ono kugwa koma sichikugwa. Ndasokapo madiresi oterera a paukwati osawerengeka, ndipo ndikudziwa momwe nsalu yopepuka imasonkhanira pansi pa bere ndi momwe imakokekera pabondo munthu akakhala. Wosema uyu sanalote. Anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa nsalu yeniyeni pathupi la munthu weniweni. Anatiuza kuti tisuzumire kumbuyo. Ziboliboli zimenezi zinkakhala pamwamba penipeni pa kachisi, misana itayang'ana khoma, komwe panalibe diso likanafika, koma kumsanakonso anakusema. Telala aliyense amadziwa kuti mnzake umamuyesa potembenuza chovala n'kuona misoko yam'kati. Awa anakhoza mayeso.

M'makoma mwa chipindacho mwazungulira zithunzi zosema za mdipiti wa chikondwerero cha Athena. Anyamata okwera akavalo ndi ankhaninkhani. Akazi amapezeka mbali ya kum'mawa yokha, atandanda mwakachetechete, atanyamula mbale ndi mitsuko ya nsembe. Pakatikati pali bambo ndi mwana akupinda chinsalu, chomwe ambiri amati ndi peplos yatsopano imene atsikana ndi amayi a mumzindamo ankawombera mulungu wawoyo. Pambali pawo mayi wina akulandira atsikana awiri osenza mipando pamutu, ndipo akuganiziridwa kuti ndi wansembe wamkulu wa Athena. Udindo umenewu unali wa mkazi, ndipo sunali wamasewera. Mmodzi mwa iwo, Lysimache, anautumikira zaka 64 mpaka anamuimikira chiboliboli chake pa Acropolis, phiri la akachisi la mumzindamo. Koma mumzinda womwewo mkazi sankavota, sankayankhula pabwalo la mzinda, ndipo kukhothi amuna ankapewa kutchula dzina la mkazi waulemu wake akadali moyo. Wolemba mbiri Thucydides analemba kuti Pericles, mtsogoleri wa Athens, anauza akazi amene amuna awo anafera kunkhondo kuti ulemerero wawo ndi woti amuna asamawatchuletchule, kaya powatama kaya powanyoza. Ndiye mukaponya maso m'zipinda zonsezi mupeza kuti mwadzaza akazi amene sanakhaleko: milungu, ana a m'nyanja, anthu a m'nthano. Ndipo m'nyengo imeneyo, pomwe chovala cha mkazi chikuvulika, nthawi zambiri m'pomwe akuchitidwa nkhanza. Pa mwala wina wa makona anayi, chilombo cha theka munthu theka kavalo chanyamula mkazi chikuthawa naye.

Mnyamata wina anafunsa funso lomwe tonse tinali nalo kukhosi, loti zinthu zimenezi zikutani ku London. Ndiwayamikire mayiwa kuti sanazembe. Lord Elgin, kazembe wa Britain ku ufumu wa Ottoman womwe unkalamulira Greece nthawi imeneyo, anayamba kuzichotsa mu 1801, ndipo mu 1816 nyumba ya malamulo ya Britain inazigula pa mtengo wa £35,000. Boma la Greece lakhala likupempha kuti zibwerere kwawo. Akuluakulu a myuziyamu amati Elgin anali ndi chilolezo, komanso lamulo siliwalola kupereka katundu wa m'nyumbayi. Atayala mbali zonse ziwiri anatitengera m'chipinda china, momwe mwaima yekhayekha mtsikana wamwala wotalika kuposa mamita awiri. Anali mmodzi mwa asanu ndi mmodzi amene ankasenza denga la khonde la kachisi wa Erechtheion m'malo mwa nsanamira. Anzake asanu ali ku Acropolis Museum ku Athens, yomwe inatsegulidwa mu 2009, ndipo pamzere wawo anamusiyira malo. Mwendo umodzi waongoka, makwinya a chovala atsika molunjika mpaka pansi. Bondo linalo lapindika pang'ono, moti simungaganize kuti wasenza chinthu cholemera. Tsitsi lake n'lochindikala kumbuyo, ndipo sikuti n'kutchena chabe, limathandiza khosi kuti lisathyoke. Alamu anamuyang'ana kwa kanthawi n'kunena chapansipansi kuti, "Alamu, mwana uyu angomubwezera kwa abale ake." Ine ndili mbali yawo.

Nkhani ya utoto anaifotokozanso bwino. Ambirife ziboliboli za Agiriki timazidziwa zoyera mbee, koma eni ake sanazisiye choncho. Ankazipaka utoto: tsitsi, maso, milomo, zovala zofiira ndi zabuluu zokhala ndi maluwa m'mipendero. Zina ankaziveka ndolo ndi zibangili zachitsulo, ndipo timabowo take timaoneka mpaka lero. Asayansi a pamyuziyamu pomwepa, pounika ndi kuwala kwapadera, anapeza zotsalira za utoto wabuluu wa ku Egypt paziboliboli za ku Parthenon, kuphatikizapo pa lamba wa Iris, mthenga wamkazi wa milungu. Utoto wambiri unatha ndi mvula ndi dothi, koma anthu ophunzira a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1700, monga Johann Joachim Winckelmann, anakonda kuyerako mpaka kukusandutsa muyeso wa kukongola. Mu 1937 ndi 1938 antchito ena anafika popala ziboliboli zina za ku Parthenon ndi zida zamkuwa kuti ziyere kwambiri. Mayiwa anationetsa pa tabuleti yawo mtsikana wotchedwa Peplos Kore, wa cha m'ma 530 BC, amene ali ku Athens, pambali pake pali chifanizo chake chopakidwa utoto chomwe chili ku Cambridge. Woyerayo amaoneka wakumanda. Wautotoyo ndi namwali wotchena amene akupita kuchisangalalo.

Mpaka apa ndinalibe chodandaula. Zinthu zinakhota titafika kwa Venus, mulungu wamkazi wa chikondi amene Agiriki ankamutcha Aphrodite.

Chiboliboli chake amachitcha Lely's Venus, chifukwa chinakhalapo m'manja mwa wojambula Peter Lely katundu wa mfumu Charles I atagulitsidwa. Ndi cha banja lachifumu la Britain, kuno anangobwereketsa. Ndi ntchito ya Aroma ya m'zaka za m'ma 100 AD, yotengera chiboliboli chakale cha Agiriki chomwe chinasowa, monga zilili ndi zambiri zomwe timazitcha zachigiriki. Zoyambirira zambiri zinali zamkuwa ndipo anthu anazisungunula. Mulunguyu wanjuta pansi akusamba, alibe kansalu ndi kamodzi komwe, wacheuka ngati wamva mgugu wa munthu, mikono yapingasa pathupi. Mbiri yake imayambira kwa Praxiteles, amene cha m'ma 350 BC anasema Aphrodite wamkulu ngati munthu ali wosavala, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Mlembi wachiroma Pliny analemba kuti Praxiteles anasema awiri, wovala ndi wosavala, n'kuwaika pa mtengo umodzi. Anthu a ku Kos anasankha wovala poteteza ulemu. A ku Knidos anatenga wotsalayo, ndipo ndi amene anatchuka, moti anthu ankakwera zombo kudzangomuona. Mfumu Nicomedes inalonjeza kuwalipirira ngongole zonse za mzinda akampereka, iwo anakana. Chiboliboli chenichenicho chinatayika, chimadziwika ndi zotengera za Aroma komanso zithunzi za pa ndalama zachitsulo za ku Knidos.

Mfundo ya mayiwa pano inali yakuthwa. Mwamuna wosavala amangoima chilili, safuna chifukwa. Mkazi wosavala anayenera kum'pezera chifukwa, kuti akusamba, n'kum'patsanso manyazi. Dzanja lomwe akubisira thupi ndi lomwenso likukulozerani poyang'ana, ndipo inu woonererayo mwasanduka munthu wosuzumira kubafa. Pa Venus wonjutayu anatiuza kuti timuzungulire, ndipo n'zoona, palibe mbali yomwe mungaime n'kumuona yense, amakuyendetsani yekha. Zonsezi zikanatheka m'mphindi zochepa. Koma apa mayiwa anakhazikika. Anabweretsa nkhani ya Phryne, mkazi wotchuka amene akuti Praxiteles ankatengera thupi lake, kenako nthano yakale ya mnyamata amene anabisala m'kachisi usiku chifukwa chokonda chibolibolicho, yomwe sindiibwereza pano. Azibambo a m'gulumo anaseka chikhakhali, ndipo zinaonekeratu kuti mayiwa amadziwa kuti pamenepa m'pomwe makasitomala amasangalala. Alamu anga, mayi wa Mvano, anali atatembenuka kale akuwerenga chikwangwani cha pakhoma chomwe sindikhulupirira kuti chinkawakhudza. Bambo wina anafunsanso kuti wopanda manja uja ali kuti. Anamuyankha kuti Venus de Milo ali ku Louvre ku Paris, anapezeka pa chilumba cha Milos mu 1820, ndipo yankho limenelo linabala nkhani ina. Ine ndinkangoyang'ana wotchi. Munthu amene wangotiphunzitsa kumene kuti dziko lataya nthawi yambiri likuyang'anitsitsa mkazi wosavala, iye mwini anatidyera nthawi pomwepo.

Amene analipira nthawi imeneyo ndi Demeter wa ku Knidos, mulungu wamkazi wa zokolola, yemwe kwa ine ndiye wopambana onse a Agiriki m'nyumbamo. Ndi wa cha m'ma 350 BC, ndipo Charles Newton anamufukula mu 1857 ndi 1858. Mayi wamkulu wakhala pampando, wadzikulunga chofunda cholemera kuyambira kumutu, nsalu yakokedwa mopingasa pachifuwa moti thupi silikuoneka n'komwe. Mutu anausema padera n'kuulowetsa. M'nthano yawo, uyu ndi mayi amene mwana wake wamkazi, Persephone, anatengedwa ndi mulungu wa dziko la akufa. Nkhopeyo sikulira, yangoti duu, maso ali patali. Kuntchito kwanga ndimaiona nkhope imeneyi kwa agogo amene akudikira mwana yemwe analonjeza kubwera. Mayiwa anam'patsa ziganizo zitatu kapena zinayi tikuyenda. Chimodzimodzinso m'chipinda cha manda a Mausolus a ku Halikarnassos, omwe ankawerengedwa pa zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lakale. Muli chimayi chachikulu chamwala chopanda nkhope chomwe kale ankati ndi Artemisia, mlongo wake komanso mkazi wake wa Mausolus, amene analamulira dziko lawo la Caria yekha mwamunayo atamwalira mu 353 BC. Mkazi weniweni, wa dzina, wolamulira dziko, tinangomudutsa ngati tikuthamangira basi.

Zipinda za Aroma zili pamwamba, ndipo tinakwera masitepe nthawi itatsala pang'ono kutha. N'zomvetsa chisoni, chifukwa kumeneko n'komwe nkhani imasintha. Aroma ankasema nkhope za anthu enieni. Livia, mkazi wa mfumu Augustus, anamwalira mu 29 AD ali ndi zaka 86, ngakhale kuti paziboliboli zake sakalamba, nkhope yosalala, tsitsi lopindidwa kamfundo pamphumi. Akazi a mafumu ndiwo ankayambitsa masitayilo a tsitsi, amayi a m'zigawo n'kumatengera, moti akatswiri amatha kudziwa zaka za chiboliboli pongoona kumutu. Pa tabuleti paja tinaona mutu wina wa ku Rome wokhala ndi chimulu cha tsitsi lopotanapotana pamwamba pa mphumi, komanso Julia Domna wa ku Syria ndi wigi yake yolemera. Iyeyu anali mkazi wa Septimius Severus, mfumu yobadwira ku Leptis Magna ku Libya, yomwe inamwalirira ku York kuno ku England mu 211. Chomwe chinandikondweretsa ine ndi nkhani ya Janet Stephens, mayi wokonza tsitsi wa ku Baltimore, amene mu 2008 anaonetsa akatswiri kuti masitayilo ambiri amenewa sankagwira ndi mapini okha, ankachita kusokedwa ndi singano ndi ulusi. Zinatengera munthu wa m'saluni kuti aone zomwe mapulofesa ankaziphonya. Osokawo anali akapolo, ndipo alakatuli achiroma amanena za madona amene ankawabaya ndi pini kapena kuwamenya tsitsi likapotoka. Mayiwa anatchulanso mothamanga kuti mabanja ena olemera ankaika mutu wa mayi wawo wachikulire, makwinya ndi onse, pa thupi losavala la Venus, monga njira yomulemekeza atamwalira. Ndikanakonda kumva zambiri za chodabwitsa chimenechi.

M'chipinda momwemo muli mutu wamkuwa wa Augustus womwe unafukulidwa ku Meroë, ku Sudan, mu 1910, utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi kuti anthu aziuponda. Akukhulupirira kuti anaulanda ankhondo a mfumukazi ya ku Kush pomenyana ndi Aroma cha m'ma 25 BC. Mafumukazi amenewa ankatchedwa Kandake. Alamu atamva dzinali anachita kudzuka, poti amalidziwa kuchokera pa Machitidwe a Atumwi mutu 8. Sizinali m'dongosolo la ulendowu, mayiwa anangoloza podutsa, koma ngati ndinu wochokera kwathu ku Africa musaudutse.

Zinthu ziwiri zomaliza anangotilozera, n'kutolera mawailesi awo, n'kutsanzika chifukwa gulu lina linkawadikira kunja. Ife tinatsalira. Choyamba ndi kamwala kochokera ku Halikarnassos koonetsa akazi awiri omenyana m'bwalo la masewera, aliyense chishango ndi lupanga m'manja, zisoti zili pansi. Maina awo a pantchito alembedwa, Amazon ndi Achillia, ndipo mawu a pamwamba akuti onse awiri analoledwa kutuluka m'bwalomo amoyo. Severus yemwe uja analetsa akazi masewera amenewa mu 200 AD. Kamwalako n'kosasalala, ntchito ya mmisiri wamba, koma anthu ake anapumapo mpweya.

Chachiwiri ndi mwala wa pamanda wa ku Rome wa cha m'ma 80 BC, ndipo ndi umene ndakhala ndikuuganizira kuposa Venus aliyense. Mwamuna ndi mkazi aima moyang'anana, mkaziyo wakweza dzanja la mwamuna wake kukamwa kuti alipsompsone. Mwamunayo ndi Aurelius Hermia, wogulitsa nyama pa phiri la Viminal. Mkaziyo ndi Aurelia Philematium. Onse awiri anali akapolo a nyumba imodzi asanamasulidwe. Mbali imodzi ya mwalawo mwamuna ndiye akuyankhula, kutama mkazi wake kuti anali wokhulupirika. Mbali inayo mkaziyo ndiye akuyankhula: kuti anali wodzisunga, wofatsa, wosadziwa zoyendayenda m'gulu, kuti mwamunayu anam'tenga n'kumusamala ali ndi zaka 7 ndipo anali woposa kholo kwa iye, kuti imfa yam'peza ali ndi zaka 40. Chovala chake n'chosavuta, chofunda chokulungidwa bwinobwino, chovala cha mayi wapabanja, chomwe kapolo sakanayembekeza kudzaikidwa nacho pamwala. Ine ndi alamu tinatsutsana pamenepo. Iwo anaona chikondi, ana awiri opanda kwawo amene anagwirana manja mpaka kupeza ufulu. Ine zaka 7 zija zinandikhala pakhosi, ndipo ndinawakumbutsa kuti mkaziyo anatsogola kumwalira, ndiye mawu onse akuti "ine" pamwalapo analipira ndi kusankha ndi mwamunayo. Alamu anati, "Nanga alamu, mumafuna adzuke adzalembe yekha?" Tinaseka, koma sitinagwirizane. Kukambirana kotereku n'komwe ndinkayembekeza kuti mayi wotiyendetsayo akutsogolere, chifukwa nzeru zake anali nazo. Anasowa nthawi basi.

Zina zing'onozing'ono n'zakuti kawailesi kanga kankalira phokoso ndikatalikira pang'ono, ndipo maola awiriwo ndi oimirira okhaokha, palibe pomwe anatipumitsa. Wa miyendo yovuta awauziretu pobukitsa, ndipo nsapato zikhale zafulati. Ana aang'ono angatope, komanso gawo la Venus lija lili ndi nkhani zoti kholo lingachite nazo manyazi. Wachinyamata amene akuphunzira zojambula, zosoka kapena mbiri yakale apindula kwambiri.

Madzulo ake ndinawalembera uthenga wowathokoza, n'kuwauza mosabisa kuti zipinda za Aroma anazichitira chinyengo. Anayankha mwaulemu tsiku lomwelo kuti anthu ambiri amabwerera Parthenon ndi Venus, n'chifukwa chake amayambira pansi, koma gulu likapempha amatha kuyambira pamwamba n'kutsika. Ndiye pobukitsa pemphani zimenezo, ndipo ngati n'kotheka sankhani Lachisanu, tsiku lomwe myuziyamuyi imatseka mochedwa, kuti iwo akatsanzika inu mukhale ndi mpata wobwerera kwa Demeter.